Utsi wa m'tchire ndi madontho a m'mitambo

Mwezi wa Seputembala ukafika kuno ku Chipata, phiri la Kanjala limaoneka mwachimbuuzi chifukwa cha utsi wa osaka mbewa, otentha mapesi ndi ootcha makala, ndipo dzuwa limalowa lili psuu ngati khala la moto. Kwa zaka zambiri ndinkauona utsiwu ngati chinthu chongotsokomoletsa ana, osadziwa kuti wina umakathera m'mitambo yomweyo imene timaiyang'anira kuti itigwetsere chizimalupsa.

Nthunzi ya madzi siisanduka dontho payokha, imafuna kanthu kogwirapo. Mu 1880 John Aitken wa ku Scotland anasonyeza kuti mpweya wosefedwa bwino suchita chifunga ngakhale utakhuta chinyezi, ndipo mu 1936 Hilding Köhler wa ku Sweden analongosola chifukwa chake kanthu kosungunuka m'madzi, monga mchere wa m'nyanja, kamayambitsa dontho mosavuta.

Chimene chimandikoka mtima ndi khalidwe la tinthu ta mu utsi wathu, timene tambiri ndi zotsalira za udzu ndi nkhuni. Paokha sitikoka madzi mwamphamvu: pa muyeso wa kukoka madzi wotchedwa kappa timakhala cha pa 0.1, pamene mchere wa m'nyanja umapitirira 1. Komabe tina tikasungunuka timakakhala pamwamba pa dontho n'kufewetsa khungu lake monga amachitira sopo, kotero kuti dontholo limakula ngakhale chinyezi chisanachuluke kwambiri. Tikayandama masiku angapo padzuwa timasinthanso, n'kuyamba kumwa madzi bwino kuposa mmene tinkachitira potuluka pamoto. Ngakhale mitengo yamoyo imatulutsa mipweya, ina yonunkhira, imene mumlengalenga imasanduka tinthu ta mtundu womwewu.

Vuto lagona pa kuchuluka. Katswiri wa za mitambo Sean Twomey anafotokoza m'zaka za m'ma 1970 kuti tinthuti tikachuluka, madzi omwewo amagawanika m'timadontho tambirimbiri tating'ono, monga nsima ya mbale imodzi alendo akachuluka. Mtambo wotero umawala kwambiri, koma timadontho take timachedwa kulumikizana, pamene dontho limodzi la mvula limafuna timadontho ta mumtambo pafupifupi 1 miliyoni. Izi zinaonekadi m'mitambo ya utsi ya ku nkhalango ya Amazon ku South America, kumene mvula inkayamba kupangika m'mwamba kwambiri kuposa m'mpweya woyera. Utsi wa kuno kwathu nawo unayesedwa pa kafukufuku wa SAFARI 2000, amene anali ndi zipangizo zina ku Mongu.

Munda umodzi sungasinthe nyengo, chifukwa mvula yathu imadalira kwambiri chinyezi chobwera ndi mphepo zochokera ku Congo ndi ku nyanja ya Indian. Ngakhale zili choncho, chaka chino ndawapempha amalume ku Chadiza kuti mapesi asawatenthe koma awakwirire m'mizere, ndipo avomera kuyesa pa theka la munda wawo.