Mashelefu Awiri M'tsinde mwa Phiri

M'nyumba mwanga muno, kufupi ndi pa Chitakale, muli mashelefu awiri a mabuku amene kalipentala wina anandikhomera zaka zingapo zapitazo, ndipo pafupifupi mlendo aliyense amafunsa chifukwa chimene ndinawayikira motalikirana, ina kukhoma la kumvuma, ina kukhoma la kuzambwe, chikhalirecho malo oti akhale pamodzi alipo. Pa shelefu ya kumvuma pamakhala mabuku a nkhani zamatsenga, aja a mayiko ongopeka momwe muli zinjoka zouluka ndi mafumu olimbirana mipando. Pa ya kuzambwe pamakhala mabuku ofufuza milandu, aja amayamba ndi mtembo n'kutha ndi dzina la amene anapha. Kawirikawiri ndimangoyankha kuti ndimaopa chinyezi, ndipo si bodza kwenikweni, pakuti kuno ku Mulanje buku likakhala mwezi umodzi litatsamira khoma limayamba kununkha nguwi, masamba n'kumatirirana. Koma chifukwa chenicheni ndi china.

Mitundu iwiri ya mabukuyi ndinayikonda ndisanadziwe n'komwe kuwerenga. Agogo anga akuchikazi, amene ankasakaniza Chilomwe ndi Chinyanja m'chiganizo chimodzi ndipo sanapondeko m'kalasi, ankatisonkhanitsa pamoto nthawi yokolola ikatha. Akati "Padangotero," ife tinkavomera kuti "Tili tonse," ndipo kuyambira pamenepo kalulu ankayankhula, mtsikana ankakwatiwa ndi fisi wovala khungu la munthu, ng'oma inkayimba yokha ndi mawu a mwana wotsekeredwa m'kati mwake, popanda wina wofunsa kuti zimenezi zitheka bwanji. Nthano zikatha ankasintha mawu n'kunena kuti "Ndagi," ife n'kuyankha kuti "Gize," ndipo apa malamulo ankasinthiratu. Nyumba ya amayi yopanda khomo inali ndi yankho limodzi lokha, dzira, ndipo wolephera kulipeza ankayenera kubaira ng'ombe ya pakamwa kuti auzidwe. Pa nthano tinkaloledwa kukhulupirira chilichonse, koma pa ndagi tinkayenera kuganiza mpaka yankho ligwirizane ndi mawu onse amene anenedwa. Agogowo sankasakaniza ziwirizi ngakhale tsiku limodzi.

Mabuku enieni ndinakumana nawo ku sekondale, m'kachipinda ka laibulale komwe makiyi ake ankasowa kuposa kupezeka, ndipo nditayamba ntchito ndinazolowera kugula a kaunjika amene amayalidwa pansi m'mphepete mwa misewu ku Limbe ndi ku Blantyre. Wogula mabuku otere amaphunzira msanga kuyamba watsegula kumapeto asanatulutse ndalama. Ine ndinaphunzira mochedwa. Tsiku lina ndinagula buku lofufuza mlandu wa mayi wolemera amene anapezeka atafa m'chipinda chokiyidwa cha m'kati, ndipo ndinaliyamba minibasi isanadzaze n'komwe pa siteji. Tinadutsa pa Bvumbwe ndili m'kati mwa maliro, pa Thyolo ndikukayikira mdzukulu wa malemuyo, pa Luchenza ndikukayikira dokotala, ndipo usiku umenewo, koloboyi akufuka pambali panga chifukwa magetsi anali atathima, ndinafika pamene wapolisi wofufuza uja anasonkhanitsa onse m'chipinda chochezera n'kuyimirira kuti atchule wolakwa. Tsamba lotsatira linali chikuto. Masamba otsiriza anali atathotholedwa bwinobwino, mwina ndi wopichira fodya, mwina ndi wokulungira zitumbuwa. Ndinakhala sabata yathunthu ndi kope ndi pensulo, kulemba kuti ndani anali kuti pa ola liti, ndani ananama ndipo ananamiranji, mpaka ndinatsala ndi dzina limodzi. Patapita zaka zinayi ndinapeza buku lomwelo lathunthu kwa mnzanga wina wophunzitsa ku Thyolo, ndipo ndinapeza kuti ndinalasa. Palibe buku lina limene linandiphunzitsa kuwerenga ngati lodukalo.

Nyengo yanga yowerenga kwambiri ndi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, pamene mvula yamawawa imagwa masiku atatu osalekeza, phiri n'kubisala m'nkhungu, minda ya tiyi n'kumangooneka mizere iwiri yoyandikira. Chaka chino ndamaliza mabuku atatu a zamatsenga, ena a pepala, ena a pa foni, ngakhale kuti a pa foniwo amandilanda tulo ndi maso. Chimene chandikondweretsa m'mabuku atsopano a mtunduwu n'chakuti olemba ambiri aleka kutengera nyumba zachifumu za ku Ulaya zokhazokha. Buku loyamba la Tomi Adeyemi, limene linatuluka mu 2018, linamangidwa pa zikhulupiriro za Ayoruba a ku Nigeria, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mabuku otengera miyambo ya ku Africa kuno akhala akuchulukirachulukira. Chimene chimanditopetsa n'chakuti ambiri ndi aatali mopitirira muyeso, amabwera atatuatatu ngati mafuwa, ndipo ukagula loyamba pa kaunjika ungodziwiratu kuti lachiwiri sudzaliona. Chinanso, olemba amakono amakonda kufotokoza matsenga awo ngati phunziro la sayansi: mphamvu iyi imachokera apa, imatha pakapita maola akuti, mtengo wake ndi wakuti. Ena amakonda zimenezi, koma ine ndinakulira pansi pa phiri limene silifotokoza kanthu. Akuluakulu amati munthu wosochera kumtunda kuja angathe kupeza chakudya chotentha chitayikidwa pamwala, ndipo ayenera kudya yekha osaitana mnzake. Sanena kuti waphika ndani, ndipo nkhaniyo imakoma chifukwa cha kusanenako.

Ndiyime pang'ono pa nkhani ya Tolkien, mlembi wotchuka wa ku England wa mabuku a zamatsenga, poti alendo obwera kudzakwera phiri amaifunsa kawirikawiri. Pali mbiri yakuti iyeyu anafika ku Mulanje ndipo anatenga dzina la Shire, dziko la tianthu tating'ono ta m'mabuku ake, kuchokera ku mtsinje wathu wa Shire. Ndikanakonda zikanakhala zoona, koma munthuyu anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, anachoka ku South Africa ali ndi zaka zitatu, ndipo sanabwererenso ku Africa. Liwulo ndi lakale la ku England lotanthauza chigawo cha dziko, ndipo ngakhale katchulidwe kake ndi kosiyana ndi ka mtsinje wathu. Ndimadabwa kuti timalimbikira kubwereka ulemu kwa mlendo pamene tili ndi Sapitwa wa mamita 3,002 amene dzina lake lokha ndi chenjezo, tili ndi Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, tilinso ndi Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula miyala ndi kukokolola midzi. Amene analipo mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kusesa Phalombe, amene nthawiyo anali mbali ya boma la Mulanje, sanena kuti kunagwa mvula yambiri. Amati kunadutsa Napolo. Malemu Steve Chimombo anamulembera ndakatulo Napoloyu, koma buku lalitali la nkhani yamatsenga m'Chichewa, lokhala ndi Napolo pakati pake, ndikulidikirabe.

Tsopano ndibwerere ku shelefu ya kuzambwe. Mu Sepitembala 2017 kuno kunabuka mphekesera ya anamapopa, yakuti kuli anthu oyenda usiku ndi zipangizo zopopera magazi a anthu ali m'tulo. Inayambira kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu analeka kugona m'nyumba, anyamata anatseka misewu ndi mitengo, galimoto zinkaimitsidwa n'kusechedwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maboma athu ano, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongoganiziridwa. Masiku amenewo ndinkachokera kuntchito dzuwa lisanalowe, chikwama changa ndikuchitsegula ndekha ndisanafunsidwe, kuti aone kuti muli mabuku ndi tochi basi. Usiku ndinkagona panja pamodzi ndi anansi anga, ndipo sindibisa, panali usiku wina pamene galu atauwa kuseri kwa nthochi nanenso mtima unandigunda ngati ndaona chinthu.

M'masabata amenewo sindinathe kutsegula buku lililonse la zamatsenga. Ndinkawerenga ofufuza milandu okhaokha, ndipo ndinazindikira chimene ndimawakondera. Wofufuza wa m'mabuku amenewa, kaya ndi wapolisi kaya ndi mayi wamba wokonda kufunsa, ntchito yake yaikulu ndi kukana yankho loyamba. Mudzi wonse ukaloza mlendo, iye amafunsa kuti anamuona ndani, nthawi yanji, ataima pati, ndipo kodi pamalopo panali kuwala kokwanira kuzindikira nkhope. Amadziwa kuti mboni ikhoza kulumbira moona mtima koma n'kukhala italakwitsa. Kunja kwa mpanda wanga anthu ankayankha ndagi ndi malamulo a nthano: funso lakuti walakwa ndani linkayankhidwa ndi chilichonse chimene mantha apeka, ndipo chilango chake sichinali cha pakamwa ngati ng'ombe za agogo zija. Kalipentala uja ndinamuitana chaka chotsatira.

Mwa mabuku ofufuza milandu atsopano, amene anditenga mtima ndi aja odekha, opanda magazi ambiri, amene ofufuza ake ndi okalamba. Lodziwika kwambiri ndi la Richard Osman la mu 2020, lonena za nkhalamba zinayi zokhala pamudzi wa anthu opuma ntchito ku England, zimene zimakumana Lachinayi lililonse kukambirana milandu yakale imene apolisi anailephera. Si buku lozama, ndipo nthabwala zake zina ndi za kwawo komweko moti zimandidutsa, komanso mlandu wake uli ndi nthambi zambiri kuposa zimene thunthu lake lingasenze. Koma ndinaliwerenga ndi kachisoni kena kamene wolembayo sanakaganizire. Kumeneko nkhalamba ndiyo imafufuza, ndipo imapambana chifukwa anthu amaiderera n'kumayankhula momasuka pamaso pake. Kwathu kuno mwana akamwalira mwadzidzidzi, nkhalamba ndiyo imayamba kulozedwa chala, ngakhale kuti lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Agogo anga aja, ndi maso awo ofiira chifukwa cha utsi wa kukhitchini ndi chizolowezi chawo choyankhula okha akamasenda chinangwa, akanakhala wofufuza woopsa m'buku lotere, pakuti ankadziwa amene wadutsa kuseri kwa nyumba pongomva kaponde ka phazi. Ndimathokoza kuti anamwalira mwamtendere, pa mphasa yawo, mudzi ukuwatchulabe kuti anganga.

Mwana wa mchemwali wanga, amene ali Fomu 2, wayamba kubwera Loweruka lililonse kudzabwereka mabuku, ndipo amathamangira ku shelefu ya kumvuma monga ndinkachitira ine pa msinkhu wake. Ndimamulola kutenga limodzi kumeneko pokhapokha atatenganso limodzi kuzambwe. Sabata yatha ndinamupatsa buku loduka lija, limene ndimalisungabe, osamuuza kuti kumapeto kulibe. Dzulo madzulo wanditumizira uthenga pa WhatsApp kudzera pa foni ya mayi ake, wakuti, "Amalume, mwandipusitsa, koma ndikuganiza kuti ndi dokotala." Si dokotala, ndipo ndamuuza kuti abwerere pa mutu wachisanu akaonenso kuti zenera linatsekedwa nthawi yanji.