Utoto wabuluu ndi botolo la zinyalala

Sabata ino ndinkaiyesa yopepuka poti mayeso akadali patali. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zathu zomwe zija: a chaka choyamba a kemisitiri pa titration (kuyeza mphamvu ya asidi pothira dontho ndi dontho), asidi uku sodium hydroxide uku, ambiri n'kupyoletsa dontho mpaka phenolphthalein, mankhwala osonyeza polekera, kufiira psuu. Distilled water tikugawa mowerengera chifukwa makina ake amadalira magetsi, ndipo magetsiwo mukuwadziwa. Anzathu a fizikisi akuyezabe g, mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, ndi pendulum pogwiritsa ntchito mafoni a ana, poti mawotchi a mu labu anafa kalekale. Mwana akapeza yankho la m'buku la 9.8 ndendende, m'malo momuyamikira amayamba kumufunsa kuti wakopera kwa ndani.

Chandilembetsa ndi cha Lachitatu.

Akuluakulu anayambitsa pulogalamu yoti ophunzira a sayansi azigwira ntchito limodzi ndi a zaluso. Ine sindikutsutsana nayo, ndipo ndine ndinapereka ganizo loti tiyambe ndi cyanotype, njira yojambulira zithunzi ndi dzuwa imene John Herschel anatulukira mu 1842. Umasakaniza ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide, kupaka papepala kapena pansalu, kuyala tsamba pamwamba, n'kuika padzuwa. Kuwala kwa UV kumasintha ayironi, pamene pawombedwa dzuwa pamabadwa utoto wa Prussian blue wosasungunuka m'madzi, pamene panali tsamba pamatsukika mbee. Anna Atkins anapanga buku la zomera za m'nyanja mwa njira imeneyi mu 1843. Ana a zaluso anabwera ndi masamba a mlombwa ndi zidutswa za nsalu yoyera, ndipo kunena zoona anali ndi dzanja labwino kuposa anga a kemisitiri. Mmodzi anafunsa ngati utoto wofiira wa zithunzi za pamiyala ku Chongoni nawonso uli ndi ayironi. Funso lotere a chaka chachitatu sanandifunsepo.

Potsuka ziwiya ndiye panavuta. Mtsikana wina wa zaluso, mwa ulemu wake, anafuna kundithandiza. Anatenga zotsala za ferricyanide n'kupita nazo pa botolo lalikulu limene lili pakona, lolembedwa ndi maka kuti zinyalala. M'botolomo munali zotsala za sulphuric acid wamphamvu wa kalasi ina. Ndinamuona atapendeketsa kale bika.

"Achemwali, siyani! Ikani pansi, tulukani panja nonse!"

Anzanga a ntchito ino mukudziwa chimene ndinkaopa. Ferricyanide payekha savuta, koma akakumana ndi asidi wamphamvu, makamaka pakatentha, amatulutsa mpweya wa hydrogen cyanide, ndipo madzi akagwera mu sulphuric acid kutentha kumabwera kokha. Fungo lake si aliyense amalimva, choncho mphuno sungaidalire. Zimene zinalowa m'botolo zinali zochepa. Ndinatsegula mawindo onse, ana ndinawakhazika pansi pa mtengo, n'kumawafunsa mmodzimmodzi ngati mutu ukuwawa kapena akumva chizungulire. Palibe anadwala. Mtsikana uja ankangolira kuti, "Bambo, pepani, ine ndimati ndi motayira." Ndinamuuza kuti asapepese, chifukwa botolo linalembedwa kuti zinyalala ndipo iye anataya zinyalala.

Mkwiyo wanga uli kwina. Ntchito yotere imayenera kuchitikira mu fume cupboard, kabati yokoka mpweya woipa n'kuutulutsa kunja, koma fani yake inapsa, ndipo makalata opempha kuti ikonzedwe angounjikana mu ofesi. Mabotolo osiyana a zinyalala, la asidi lake, la ma solvent lake, la zitsulo lake, ndinapempha pa bajeti yapitayi, yankho n'kukhala lakuti ndalama zakunja palibe. Zoti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndikuzidziwa, ndipo mankhwala a mu labu onse timagula kunja. Koma botolo lapulasitiki ndi pepala lomata sizifuna dola. Ndinapemphanso ola limodzi loti ndiphunzitse ana a zaluso malamulo a mu labu asanakhudze kanthu, akuti ndandanda yadzaza. Wa kemisitiri amamva za asidi kuyambira ku sekondale, koma wa zaluso kwawo zotsala za penti amazithira m'ndowa imodzi, ndipo sanalakwe kuganiza kuti kunonso n'chimodzimodzi. Ndalama yosindikizira chinsalu cholengeza pulogalamuyi inapezeka, wojambula zithunzi anabweranso, magolovesi ndi amene tinagawana awiriawiri, wina lamanja wina lamanzere.

Lachinayi linathera kulemba lipoti ndi kusungunula asidi uja pang'onopang'ono panja, ndekha, nditavala magalasi. Lachisanu abwana anatsika kudzaona zithunzi, n'kuzikonda kwambiri, moti akufuna zina makumi awiri za tsiku la alendo. Ndinawauza kuti, "Abwana, ferricyanide ndatsekera m'kabati ndipo kiyi ali ndi ine. Fani ikonzedwe, mabotolo abwere, ola lija mundipatse, tipitiriza." Anati tikambirana Lolemba. Ana a zaluso apempha okha kuti ola lija tichite Loweruka m'mawa, ndipo ndavomera ngakhale palibe alawansi.