Mawu a alamu anga akundisowetsa tulo

Lachitatu usiku. Mwana wagona, magetsi azima, kunja kukutenthabe ngati masana. Ndayesa kugona koma mtima sukukhazikika, ndiye ndati ndilembe.

Masana kunabwera alamu anga, achemwali awo a bambo a mwanayu. Anatipeza patsinde pa mango. Ine ndinali pamphasa ndikusadzula nkhwani, kamtsikana kanga ka zaka ziwiri ndi miyezi inayi kali pambali, kakuphika nsima ya dothi m'chitini cha mkaka. Mthiko wake kamtengo, ndiwo zake masamba omwe ndimataya. Mawondo mbuu, mutu wonse mchenga. Kanali kataiwala zoti padziko pali anthu ena.

Titalonjerana, alamu anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Koma mlamu, mwanayu azingosewera ndi zinyalala mpaka liti? Anzake akuwerenga ABC pa tabuleti, Loweruka amapita kukasewera kutauni. Akadzayamba sukulu mudzamulirira."

Ndinangoti, "Ndamva alamu," n'kuwathirira thobwa. Koma mawu oti zinyalala aja anandilasa.

Chifukwa zinyalala zomwezo ndimazisankha ndine, ndipo ndimaziganizira. Zitsononkho za chimanga ndimazitsuka, iye amazisanja mzere n'kumati ndi ana ake, china amachibereka kumbuyo ndi kansalu. M'botolo la pulasitiki ndinaikamo timiyala n'kumanga chitsekerero zolimba, ndiye chisekese chake pamene tikuimba. Zitsekerero zokhazokha sindimpatsa, nyemba ndi mtedza wouma ayi, chifukwa msinkhu uwu chilichonse chimathera m'kamwa kapena m'mphuno. Ndikamachapa ndimamuikira madzi pang'ono m'kabeseni ndi sokosi imodzi, amachapa mpaka thovu kumaso, ine ndili pompo, poti mwana wotere ngakhale ndowa ikhoza kumumiza. Zitenje zikakhala pachingwe timachita chibisalirano, iye amabisa mutu wokha miyendo ili poyera, ndikati "Ali kuti mwana wanga?" amaseka mpaka kugwa. Bambo ake anamukulungira mpira wa majumbo. Popita kuchigayo timatchula zonse zomwe takumana nazo: mbuzi, kabaza, nkhuku, minibasi. Dzulo lomweli wanena yekha "galu wamkulu", mawu awiri pamodzi, ine osamuuza. Madzulo ndikati "Padangotero," amayankha "Tonse," chifukwa "tili" uja akumulakabe.

Zonsezi ndikanatha kuwafotokozera. Ndikanawauzanso zomwe ndinamva kusikelo n'kudzaziwerenga ndekha, kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wa chaka chimodzi asamakhazikidwe pa sikirini, wa zaka ziwiri asapyole ola limodzi patsiku, ndipo ana a msinkhu uwu azithamanga, kukwera ndi kugudubuzika mphindi zosachepera 180 tsiku lililonse. Koma mlamu wamkulu sumuwerengera malangizo pakhomo pako ngati uli m'kalasi. Ndinakhala chete.

Chomwe chikundivuta kwambiri n'choti mbali ina sakunama. Nanenso Chingerezi chimandidetsa nkhawa. Ndimaona ana a anzanga akutchula mitundu ya zinthu m'Chingerezi, mtima n'kuti phaa. Ndiponso masewera athuwa timati ngaulere, koma amadya nthawi, ndipo nthawiyo ine ndili nayo chifukwa geni yanga ya zitumbuwa ndi yapakhomo. Alamu amachoka kusanache, amabwera kutada. Nanga achite bwanji? Ngakhale ineyo pali masiku omwe msana umauma, ndimangomupatsa foni kuti ndipume. Akakwanitsa zaka zitatu ndikufuna ayambe kusukulu ya mmera mpoyamba yomwe ili kutchalitchi kwathu, komwenso ndaona akusewera ndi zidole zadongo ndi makatoni. Kaya alamu akaona kumeneko adzati chiyani.

Ndaiwala kulemba chinthu chimodzi. Tili mkati mocheza, kamtsikana kaja kanaomola nsima yake pa tsamba la mango, kanabwera nayo ndi manja awiri, kanagwada n'kunena, "Azakhali, idyani." Palibe anakaphunzitsa lero, kamangoona ine ndikamapereka chakudya. Alamu anayamba akokera diresi yawo kuti isade. Kenako anatambasula dzanja, anachita ngati atema mbamu, anatafuna mpweya n'kuti, "Yakoma mayi, koma mchere wachepa." Kanathamanga kukatapa mchenga wina. Alamu anaseka, kuseka kwenikweni, ndipo anati iwonso masanje ankawakonda kumudzi, iwo ndi amene ankakhala mayi nthawi zonse. Apo ndinayembekezera kuti abweza mawu aja. Sanabweze.

Cha m'ma 8 koloko anditumizira uthenga pa WhatsApp, akuti Loweruka adzatitenga tonse kukasewera kutauni, zolipira ndi zawo. Bambo a mwanayu akuti tipite, palibe choipa. Mwina palibedi. Ndalemba "Zikomo alamu" kawiri, ndafufuta kawiri. Chitini chija chili pakhomo, nsima yotsala yauma momwemo.