Ulendo wa ku Zomba ndi nkhani ya nkhuku yowawa

Inu a gulu lathu la zitsamba amene munatsala, lipoti ndi ili, kuti nkhani ya nkhuku ileke kukambidwa mosiyanasiyana pamjigo.

Pa Liwonde tinanyamuka dzuwa litakwera chifukwa atcheya anabwerera kukatenga tayi. Agogo anakanitsitsa kuti chigubu chawo cha nimu chiikidwe kumbuyo, ati mankhwala sayenda patali ndi mwini wake. Anachilowetsa kunsi kwa mpando, pafupi ndi beseni la mpunga ndi nkhuku limene amayi anadzukira m'bandakucha. Chotsekera chake chinali chitsononkho. Chakufupi ndi Domasi minibasi inagwa m'dzenje, ife n'kumangoimba.

Zinaululika masana titakhala pa kapinga m'mbali mwa Mulunguzi. Amsungichuma, omwe aja anatimana zakumwa panjira, ndiwo anayamba kuluma ntchafu. Nkhope inakwinyika, misozi inalengeza, koma anameza ndithu poti ndalama inali itatuluka kale. Amayi anawaukira agogo. Agogo osatekeseka n'komwe, akuti tiwathokoze, chaka chino palibe adwale malungo. Atcheya pofuna kuweruza analawako msuzi, mlandu n'kuthera pomwepo, tayi ali m'manja. Tinakhalira chimanga chootcha, ndipo mpaka pano sizikudziwika kuti chifu ndi chiwindi anadya ndani.

Za maphunziro, ku Herbarium, malo osungirako zitsanzo za zomera, anationetsa mmene amaumitsira tsamba, kulimata papepala ndi kulemba dzina lake ndi komwe linathyoledwa. Anafotokozanso kuti ofufuza amasinja chomera, kuchiviika mu spiriti, n'kuthira madziwo pa tizilombo ta malungo tosungidwa m'magazi mu labu. Zikatheka apo amayesa pa mbewa, kenako pa anthu, ndipo zomera zambiri zimagwera panjira chifukwa zimapha kachilombo koma n'kuwononganso chiwindi. LA, mankhwala a malungo amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, gwero la mbali imodzi yake ndi chitsamba cha Artemisia annua cha ku China, chimene mayi Tu Youyou anachotsamo mankhwala mu 1972, n'kudzalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kwinini naye anachokera ku khungwa la mtengo. Agogo atamva izi anaimirira monyadira, koma anauzidwa kuti kuwawa si umboni, ndipo mwana akatentha thupi ayambe wakayezetsa magazi kuchipatala. Ine ndinagwirizana nazo, ngakhale pobwerera sindinayerekeze kunena mokweza.

Zikomo kwa adalaivala popirira nyimbo zathu, kwa amayi chifukwa cha nkhuku imene tinangoiona ndi maso, kwa achimwene a foni yosatha moto potijambula tonse opanda mitu, ndi kwa abusa potibwereka mabenchi a msonkhano wokonzekera. Amene simunamalize ya thiransipoti, amsungichuma ati mkamwa mwawo mukuwawabe, musawayese dala Loweruka likubwerali.