Lachinayi: zitunda za Soche, chaputala 3 ndi pensulo

Ndadzuka kusanache, kunja kuli chiperoni chenicheni cha mu Juni, kamvula kowaza kaja komwe sumakamva pa malata koma ukatuluka kamakunyowetsa mpaka m'mafupa. Thupi limafuna bulangete. Chomwe chandidzutsa ndi anzanga omwe timakumana pa raundabauti ya Kwacha, chifukwa mtsikana sangathamange yekha mumdima muno mu Blantyre, ndipo ndikapanda kufika ndiye kuti wina wayima pamphepo kundidikira.

Lero linali tsiku la zitunda. Tasiya msewu wosalala wa Chipembere, womwe timathamangamo masiku ofuna liwiro, n'kulowera cha ku Soche komwe msewu umangokwera osapumira. Alonda anali akuwotha moto m'zipata, amayi a mandasi atasenza kale mabeseni awo, a kabaza akutiyimbira belu kuti tipatuke. Bambo wina wokalamba watiwona tikukwera n'kutsika, kukweranso n'kutsikanso, ndipo wafunsa kuti, "Ana inu, mwataya chiyani pamenepa?" Tamuyankha kuti ndi treningi agogo, iye wangopukusa mutu n'kutifunira zabwino.

Chomwe tikukonzekera ndi mpikisano wa Porters Race wa paphiri la Mulanje, womwe umachitika mu Julayi. Umayambira pa Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa pamwamba kulowera ku Lichenya, kenaka kutsetsereka kubwerera pa Likhubula pomwepo, mtunda wa makilomita pafupifupi 25. Unayamba ngati mpikisano wa anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri, koma tsopano aliyense amaloledwa. Otsogola amamaliza patangodutsa maola awiri. Ine sindikupikisana nawo amenewo, ndi anthu omwe phirilo ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Ndikufuna kumaliza ndili chiimire, mawondo ali bwino. Mwayi wathu a mu Blantyre ndi woti mzinda wathu uli pakati pa mapiri, Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, ndiye zitunda zophunzirira sitichita kulipira.

Nkhungu itayamba kuyera, zipsera za paphiri la Soche zaonekera, mizere ija yomwe matope ndi miyala zinadutsa mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy, kutsikira ku Chilobwe ndi ku Manja. Ndimaziona m'mawa uliwonse ndipo sindinazizolowere. Kafukufuku wanga wa masitazi ndi wokhudza zimenezi: momwe mabanja omwe anasamuka chifukwa cha namondweyu akupezera madzi akumwa kumalo awo atsopano, makamaka ku Mulanje ndi ku Phalombe.

Ndasamba, tiyi ndi mbatata, minibasi mpaka kusukulu pa Ginnery Corner.

Cha m'ma 9 koloko ndinali ndi asupavaiza anga. Chaputala 3 chabwerako chili ndi inki yofiira tsamba lililonse, koma ndi inki yothandiza. Funso lawo lalikulu linali loti ndinasankha bwanji mabanja ocheza nawo. Ndinalemba kuti anandilozera ndi amfumu komanso a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Iwo anati, "Nanga omwe amfumu sanakulozere, mawu awo ali kuti?" Ndakhala chete kanthawi. Ndi zoona, pali amayi okhala okha, pali anthu omwe anakana kusamuka n'kubwerera m'mbali mwa mtsinje momwe anachoka chifukwa minda yawo ili komweko, ndipo amenewa sapezeka pamsonkhano wa pansi pa mtengo. Ndawayankha kuti, "A Dokotala, ndibwererako ndikawafunefune ndekha pa mjigo ndi kuchigayo." Avomera. Ndiye kuti ulendo wina wabadwa, ndi ndalama ya thiransipoti yomwe sinali pa bajeti.

Maola otsatira ndawathera mulaibulale, mahedifoni m'makutu, kulemba liwu ndi liwu zomwe anthu anandiuza. Ntchito imeneyi ndi yomwe anthu akunja sayidziwa. Kucheza kwa ola limodzi kumadya tsiku lathunthu, chifukwa umamvera, kuyimitsa, kubwezera m'mbuyo, mwana akulira chapafupi, tambala akulira chapatali, mayi akusakaniza Chichewa ndi Chilomwe. Lero ndimamvera mayi wina wachikulire wa ku Phalombe. Zomwe ananena sindingazilembe pano, ndinawalonjeza. Ndingonena kuti ndinawafunsa za madzi, za mtunda wokafika pa mjigo ndi nthawi yodikira pamzere, koma iwo anayambira pa usiku womwe madzi anabwera, ndipo sindikanawadula. Pena pake mu rekodingi muli bata lalitali, kenaka mawu anga akumveka akunjenjemera pofunsa funso lotsatira.

Nditavula mahedifoni, m'chifuwa munali mwala.

Apa ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi ambiri omwe amandikonda. Masana andiyimbira amayi kuchokera kumudzi. Atafunsa za moyo ndi za sukulu, afika pa nkhani yawo ya nthawi zonse. "Mwanawe, sukulu yake ndi yothamanga m'misewu usiku? Ukuonda, anthu aziti ukudwala. Bwanji osakhala pansi n'kumaliza kaye?" Ndawayankha mofatsa kuti, "Amayi, ndikudya bwino, musadandaule, ndipo sukulu ikuyenda." Sindiwaona olakwa. Iwo anagulitsa nandolo ndi nkhuku kuti ndifike pomwe ndili, ndiye ola lililonse lomwe sindili ndi buku amaliona ngati likuchotsedwa pa thukuta lawo. Anzanga ena a m'kalasi amaganiza chimodzimodzi, amati zonse ziyime mpaka tsiku lovala gauni.

Koma ine ndikudziwa zomwe zimandichitikira ndikangokhala pa kompyuta sabata yathunthu ndi nkhani za anthu otaya ana ndi nyumba. Tulo timathawa, ndimayamba kuwerenga chiganizo chimodzi kambirimbiri osamva, ndipo choopsa kwambiri, ndimayamba kumva mawu a anthu aja ngati deta chabe. Kuthamanga kumandibwezera tulo. Kujambula kumandibwezera maso odekha. Popanda ziwirizi sindingathe kukhala pa mkeka ndi mayi ngati uja n'kumumvetsera mpaka amalize. Ndiye sindiziwerengera kumbali ya zosangalatsa, ndimaziwerengera kumbali ya ntchito.

Chifukwa chake cha m'ma 3 koloko ndatseka laputopu n'kuyenda wapansi mpaka ku Mandala House. Nyumba imeneyi inamangidwa mu 1882, ya kampani ya African Lakes, ndipo ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zomwe zikadalipo m'dziko muno. M'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, pansi pali malo owonetsera zojambula. Ine ndimakonda khonde lake lozungulira ndi mitengo ikuluikulu ya pabwalo. Ndakhala panja ndi kabuku kanga ndi mapensulo, kuyesa kugwira mthunzi wa pansi pa khonde. Kuwala kwa chiperoni n'kovuta, kulibe mithunzi yakuthwa, chilichonse n'chotuwira, ndiye umayenera kupaka pang'onopang'ono ndi pensulo yofewa n'kufafaniza ndi chala. Ola lathunthu sindinaganize za chaputala. Mnyamata wogwira ntchito pamalopo anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Asisi, nsanamira iyo mwaipendeketsa." Ndayang'ananso nyumbayo, tonse tagwirizana kuti ndiyiwongole.

Kabuku komweka ndimapita nako kumidzi. Sindijambula nkhope za anthu omwe ndacheza nawo, koma mijigo, zidebe zili pamzere, milatho yomwe inakokoloka. Zina mwa zojambulazi zandikumbutsa zinthu zomwe sindinalembe m'manotsi, monga kuti pa mjigo wina zidebe zambiri zinali zazing'ono, kusonyeza kuti otunga ndi ana.

Za maulendo ndiye pavuta. Mnzanga wa ku sekondale wakonza zoti gulu lathu lipite ku Mangochi pa tchuthi cha 6 Julayi, kunyanja, chambo chowotcha, kugona mochedwa. Mtima wanga unapita kale. Koma ndakhala pansi ndi kalendala komanso chikwama, ndipo sizikutheka. Ndalama ndi imodzi yomweyo, ya ku Mangochi kapena ya ku Phalombe, ndipo mafuta akavuta mitengo ya minibasi imakwera tsiku lomwelo. Ndamulembera kuti andikhululukire. Zandiwawa, chifukwa ena mwa anzangawa ndatha nthawi yaitali osawaona, ndipo ubwenzi nawo umafuna kuuthirira. Sindinganame kuti zonse zimakwanira m'tsiku limodzi kapena m'mwezi umodzi. Chaka chino nyanja yaluza, ndipo ndi nyanja yomwe ndasankha kuti iluze, osati zitunda kapena pensulo.

Chomwe ndachita ndi kumanga maulendo awiri mtolo umodzi. Ndidzakwera minibasi ku Limbe kudzera msewu wa Midima, kutsika pa Chitakale, kugwira ntchito ya kafukufuku masiku a pakati pa sabata, kenaka Loweruka kukwera kuchokera pa Likhubula ndi mlondolera wa komweko kuti miyendo ilawe njira yeniyeni ya mpikisano. Ku Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, sindikufikako ulendo uno. Ndikufuna kungodziwa chitunda cha ku Chambe, chomwe onse omwe anathamangapo amachitchula ndi ulemu, ndipo potsika ndikaviike mapazi pa Dziwe la Nkhalamba ngakhale madzi ake azizire bwanji.

Madzulo ndapeza magetsi atathima. Ndaphika nsima pa mbaula, ndiwo usipa ndi mpiru wotendera, ndadya ndi mnzanga wogona naye nyumba tikuwunikira ndi foni. Bondo lakumanzere likulankhula pang'ono, ndalithowa ndi madzi ofunda, mawa ndipuma osathamanga. Magetsi atabwera ndalembanso gawo lija la kasankhidwe ka mabanja, ndaonjezamo ndime ya momwe ndidzafikire anthu omwe sabwera kumisonkhano, ndipo ndatumiza kwa asupavaiza isanakwane 10 koloko.

Mnzanga wa ulendo wa ku Mangochi uja wayankha kuti wamva, ndipo wati tiyese mu Seputembala mwera ukaleka. Ndamuuza kuti ayambe kufunsa mitengo ya malo ogona. Mawa m'mawa ndikasindikize mafomu opempha chilolezo kwa ocheza nawo, a Chichewa okhaokha, komanso ndiyimbire foni mnyamata yemwe amandithandiza kumasulira Chilomwe kuti tigwirizane tsiku.