Mbendera yapauka pamtengo, ife tili busy ndi chitenje cha mtsikana

Abale pa Facebook sipatha nkhani. Pa 6 July mtsikana wina anajambulitsa atamanga mbendera m'chiuno ngati chitenje, ndiye makomenti mbweee, ena akuti amangidwe, ena akuti ana a masiku ano alibe mwambo, mpaka bambo wina analemba kuti ikanakhala nthawi ya Kamuzu bwenzi atagona ku Mikuyu. Ine ndinangowerenga osayankha. Koma patapita masiku awiri ndinapita ku ofesi ina ya boma kukasainitsa mapepala, ndili pa line panja ndinakweza maso, mxii, mbendera imene ili pamtengo apo yakuda ija inasanduka yotuwa ngati phulusa, yofiira ikuoneka pinki, kumapeto kunachita kunyenyeka zingwezingwe. Imeneyo palibe anaijambula kuti aiponye pa Facebook.

Malume anga amakonda kufotokoza za kale, akuti ikakwana 6 koloko madzulo lipenga likalira pa polisi kuti akutsitsa mbendera, aliyense amaima pomwe alipo, wanjinga kutsika, wachipewa kuvula, mayi wosenza ndowa kuima nayo pamutu pompo mpaka itatsika. Amanena monyadira. Koma tsiku lina ndinawafunsa kuti a malume, nanga munthu akapanda kuima? Anaseka nkuti iwe, a Youth ankangoyang'ana ndani wasuntha. Ndiye ine mpaka lero sindimvetsa kuti unali ulemu kapena mantha, mwina zonse ziwiri zinasakanikirana ngati mgaiwa ndi ufa woyera. Lamulo loteteza mbendera ndi zizindikiro za dziko lilipo kuchokera zaka za m'ma 1960 zomwezo, sikuti ndi nkhani ya dzulo.

Chimene chimandiwawa ine ndi choti amene anayamba kuiseweretsa mbendera imeneyi si ana a pa Facebook ayi, ndi akuluakulu omwe. Mukukumbuka 2010? Kuyambira 6 July 1964 tinali ndi yathu ija, chakuda pamwamba kuimira anthu a mu Africa, chofiira pakati magazi a omwe anafera ufulu ngati aja a pa 3 March 1959 ku Nkhata Bay, chobiriwira pansi zomera za dziko lathu, ndi dzuwa lofiira longotuluka kumene la mizere 31. Kwacha kumeneko, dzina lomwelo la ndalama yathu. Kenako a Bingu wa Mutharika anabwera ndi ganizo loti dzuwa silingamangotuluka zaka 46, dziko latukuka, ndiye pakhale dzuwa lathunthu loyera pakati penipeni, mitundu nkuitembenuza chofiira kupita pamwamba. Anthu anakana, mipingo inalankhula, mabungwe analankhula, koma DPP inali ndi aphungu ambiri kuchokera pa chisankho cha 2009 ndiye bilu inangodutsa, kumapeto kwa July 2010 mbendera yatsopano ili m'mwamba. Chaka chotsatira tinali kugona pa filling station kudikira mafuta pansi pa dzuwa lathunthu lomwelo, forex kulibe, ndipo pa 20 July 2011 anthu pafupifupi 20 anafa pa zionetsero. Kutukuka kwake kumeneko eti.

A Bingu anamwalira April 2012, amayi Joyce Banda nkulowa, ndipo pa 28 May chaka chomwecho aphungu anavota kubwezeretsa yakale. Ena mwa amene anaombera m'manja dzuwa loyera anaomberanso lofiira, nkhope zili gwa osachita manyazi. Zaka ziwiri zokha, ndalama zosokera mbendera za masukulu onse, mapolisi, ma embassy, kawiri konse. Mwana amene anali Standard 3 nthawi imeneyo anaphunzira mbendera ziwiri zosiyana asanafike Standard 6, ndiye lero mukumuuza kuti nsalu imeneyi ndi yopatulika?

Sindikunena kuti aliyense azichita nayo zimene wafuna. Kupukutira nsapato ayi, kuyala pansi nkukhalira ayi, ndipo nyimbo ya fuko ikamaimbidwa ine ndimaima ndithu, foni m'thumba, ngakhale pa Bingu Stadium pomwe ena amakhala akutsutsana za mtengo wa chips. Koma kufunda kapena kumanga m'chiuno chifukwa chosangalala, ine sindikuonapo mlandu. January 2022 Gabadinho Mhango atachinya ziwiri zija Flames ikugonjetsa Zimbabwe 2-1 ku Cameroon, anyamata anathamanga m'misewu ya Ndirande ndi Kawale mbendera ili pamapewa, thukuta lokhalokha, akabaza ataimanga kumbuyo kwa njinga ikukwekwereza fumbi. Usiku umene uja sindinamve munthu akuti amangidwe. Ndipo kunena zoona sindinaionepo mbendera yathu ikukondedwa ngati tsiku limenelo.

Tibwerere ku ofesi kuja. Mapepala anga atasainidwa ndinadutsa pa geti nkuwafunsa alonda, bambo achikulire ndithu, kuti madala, mbendera iyi simungasinthe? Anayang'ana m'mwamba, nkuyang'ana ine, nkuti yatsopano ilipo achimwene, ili mu kabati mwa bwana, timaitulutsa kukamabwera a nduna.