Hatchi, chainsaw ndi nkhungu ya pa phiri la Zomba

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kugwa pa hatchi, mpaka pano ntchafu zikuwawabe, nde ndati ndilembe zomwe ndatolapo zisanandithawe m'mutu. Amene mumandidziwa mukudziwa kale kuti ndikupanga biology pa Chanco, koma kuyambira May uja weekend iliyonse ndimakwera kuphiri kukathandiza pa khola lina la mahatchi, kusesa ndowe, kutunga madzi, kuwapesa, malipiro anga ndi oti amandiphunzitsa kukwera. Mayi atamva anaseka mpaka misozi, akuti ife kwathu timadziwa abulu ndi ngolo, zamahatchizo ndi za alendo ogona ku Ku Chawe. Sananame kwenikweni, mahatchi kuno ndi osowa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi matenda, aja ofalitsidwa ndi kashembe komanso African horse sickness imene imabwera ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsikulo kunali chiperoni, nkhungu yoti mtengo uli apa osauona bwino. Tinatuluka awiri, madala amene amandiphunzitsa ali kutsogolo pa hatchi yokalamba imene tonse timangoiti Gogo, ine pambuyo pa ina yachinyamata yofiirira. Tikudutsa m'mapaini kumtunda kwa damu la Mulunguzi tinayamba kumva chainsaw ikulira chapatali, anthu ocheka matabwa. Hatchi yanga sinapange chilichonse, inangotembenuza khutu limodzi n'kumayendabe, ine mumtima ndikuti aaa iyi ndi dolo. Kenako kunangoti zii. Tinayenda mwina mamita 200 muli phee, ndikukhota pakona pena paja munthu anakoka chingwe cha chainsaw pafupi pomwepo munkhungumo, vruuuum!

Sindingafotokoze bwino zomwe zinachitika chifukwa zinatenga ngati masekondi atatu basi. Ndinangoona ndili cham'mbali, phazi limodzi lachoka pa chopondera, hatchi yatembenuka ikufuna kubwerera komwe tachokera, ine ndakoka zingwe zonse ziwiri ndi mphamvu zanga zonse, miyendo ndapana, pakamwa ndikukuwa mayo. Madala anangoti, "Mphwanga masula manja! Koka chingwe chimodzi chokha, izungulire!" Ndinatero, kaya zinatheka bwanji, inazungulira kawiri n'kuima, ikupuma mwamphamvu m'mphuno, khosi lili njo, maso atatuzuka.

Chimene chinandivutitsa usiku wonse ndi ichi. Pakhola paja magetsi akazima amaliza jenereta, ndipo imasokosa zedi, koma hatchi yomweyi imadya udzu pafupi nayo ngati palibe kanthu. Chainsaw ija inali ikuimva kwa mphindi zambiri osatekeseka. Nde vuto silingakhale kukula kwa phokoso kokha eti? Lolemba ndinathawa kalasi imodzi (a lecturer andikhululukire) n'kukakhala mu library kufufuza.

Ndinapeza ntchito ya Rickye Heffner ndi Henry Heffner, ofufuza a ku America amene anayeza kamvedwe ka mahatchi m'zaka za m'ma 1980. Hatchi imamva kuyambira pa 55 Hz mpaka cha m'ma 33,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kusongoka kwa mawu, nambala ikakula ndiye kuti mawuwo ndi osongoka kwambiri), pamene ife anthu timayambira pa 20 n'kulekezera pa 20,000. Kutanthauza kuti pa kulira kwa tcheni cha chainsaw kapena zitsulo zikamakhulana pali mawu ena osongoka amene iyo ikumva ine osamva n'komwe. Khutu lililonse limatembenuka palokha mpaka madigiri 180, n'chifukwa chake umaona lina laloza kutsogolo lina likumvera iwe wokwerawe. Mpaka apa palibe chodabwitsa, nyama yodyedwa ndi zilombo iyenera kukhala ndi makutu abwino.

Chomwe chinandiimitsa mutu ndi choti ngakhale makutu ake ndi otero, hatchi siidziwa bwino kuloza komwe phokoso lachokera. Munthu amatha kusiyanitsa malo awiri otalikirana digiri 1 kapena 2 yokha, hatchi imafuna madigiri opitirira 20. Poyamba ndinaona ngati ndawerenga molakwa. Koma kufotokoza kwake n'komveka, ntchito ya khutu ndi kuuza maso kuti yang'ana uko, ndiye poti maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu ndipo amaona pafupifupi kuzungulira konse, madigiri cha m'ma 350 kupatula kumbuyo kwenikweni ndi pansi pa mphuno, khutu likangoti ndi chakumanzere maso amamaliza okha ntchito yotsalayo. Tsopano taganizani tsiku lija. Khutu lanena kuti chinthu chabangula chakumanzere, pafupi, maso ayang'ana apeza nkhungu yokhayokha. Nyama imene makolo ake anapulumuka chifukwa chothawa kaye n'kufunsa pambuyo, mukuti ikanadikira chiyani? Mtima wake ikamapuma umagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi, koma ikamathamanga zenizeni umapitirira 200, ndipo thupi lolemera makilo 400 ndi kuposa likaganiza zochoka, mikono yangayi singaliletse.

Za jenereta zija m'kalasi tinaphunzira kale, timati habituation, nyama ikamva chinthu kambirimbiri popanda choipa chotsatira imasiya kuchilabadira. Ndinalemba mayeso n'kukhoza bwinobwino. Koma chomwe sindinachigwire nthawi ija n'choti kuzolowera kumeneku kumamatirira pa chinthu chimenecho, pamalo amenewo. Jenereta ili pomwe imakhala masiku onse, imalira mofanana, hatchi imaiona. Zili ngati anthu oyandikana ndi chigayo ku Chinamwali, amagona tulo chigayo chikulira koma mbale ikagwa kukhitchini amadzidzimuka. Makina ovuta ndi aja olira modukiza, chainsaw yoti yazima kenako yabuka, mabuleki a mpweya a lole ya matabwa aja amati tsss mwadzidzidzi, chitsulo chikagwa pa chinzake.

Mbali yondichititsa manyazi ndi yanga. Madala anandikhazika pa chitsa titabwerera n'kundifunsa kuti, "Kodi ukafuna hatchi iyende umatani?" Ndinati ndimaipana ndi miyendo. "Ukafuna iime?" Ndimakoka zingwe. "Nanga paja unapanga chiti?" Ndinangoti kukamwa yasa, ndinapanga zonse ziwiri nthawi imodzi kkkk. Yaopa kale, nde munthu ali pamsana akuiuza kuti thamanga komanso ima, chitsulo chimene zingwe zimamangidwapo chikuipweteka m'kamwa, kuwonjezera kukuwa. Kwa iyo ndinangoitsimikizira kuti zoona kuno kwaopsa. Kukoka chingwe chimodzi kuja kumathandiza chifukwa khosi likapindika miyendo yakumbuyo imapingasa, siingathe kukankha molunjika n'kuliyatsa liwiro.

Ine ndi nzeru zanga za m'buku ndinati madala, bwanji tingoimangirira pafupi ndi ocheka aja tsiku lonse mpaka izolowere? Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Iweyo ukuopa njoka, tikutsekere m'nyumba muli njoka, mawa utuluka wolimba mtima?" Nditabwerera ku library ndinapeza kuti chimene ndimanenacho chili ndi dzina, flooding, ndipo chimatha kubweretsa zosiyana ndi zomwe ukufuna, nyama m'malo mozolowera imafika poopa kwambiri kuposa kale, sensitisation. Madalawa mawu amenewa sawadziwa ndipo alibe nawo ntchito, koma zaka zonse akhala ndi mahatchi zinawaphunzitsa zomwezo. Zimandiwawa pang'ono kuti ine ndalipira fees kuti ndimve chinthu chimene iwo anandiuza pa chitsa mwaulere.

Zomwe madala anachita masana a Loweruka lomwelo n'zosavuta kuziona koma zimafuna kuleza mtima kumene ine ndilibe. Nkhungu itayera tinabwererako. Anayamba apita okha kukalankhula ndi ocheka aja, "Achimwene pepani, tikamabwera muzitiyankhula, ndipo musalize makina tili pakona." Anthu ake anali omvetsa bwino, mmodzi mpaka anapepesa ngakhale sanalakwe, ankagwira ntchito yake ndipo munkhungu muja sakanationa. Kuyankhula kuja n'kofunika, hatchi ikamva mawu a munthu imadziwa kuti chili kuseri kwa mitengocho ndi munthu. Kenako tinaima patali pomwe hatchi yanga imamva koma osanjenjemera, itayang'ana komwe kuli makinawo, osati kuwapatsa mbuyo, Gogo ataima pakati. Gogo anangoweramitsa mutu n'kuyamba kudya, ndipo patapita kanthawi yanganso inatsitsa khosi, kunyambita milomo, n'kubudula udzu. Madala akuti hatchi ikadya ndiye kuti mtima watsika. Tinasendera mapazi ochepa, kuima, makutu akauma tibwerere pang'ono, akafewa tisenderenso. Tinatha pafupifupi ola lathunthu pa mtunda woti wapansi amayenda mphindi ziwiri, ndipo sitinafike n'komwe pamakinapo, madala anati zakwana lero tiyeni.

Ine ndimafuna tifike, kuti ndikhale ndi chonena. Anakana.

Panopa ndayamba kulemba mu kope langa la practical chilichonse chimene hatchi ija yadzidzimuka nacho, nthawi yake, kunja kunali bwanji, chinthucho chimaoneka kapena ayi, komanso ine manja anga anali bwanji, ngakhale gawo lomalizali ndimalemba monyinyirika. Ndikufuna ndikawafunse a supervisor ngati zingakhale poyambira project ya chaka chomaliza, kaya avomera poti hatchi imodzi si sample. Loweruka likubwerali madala akuti tikayesa kumsewu wopita ku Emperor's View komwe kumadutsa malole a matabwa, ndipo andiuziratu kuti ndikakwera Gogo, yofiirira ija akwera okha.